Foni Yomwe Inandidyera Diso

Mkamwini wanga, amene amadzitcha Injiniya, anandidyera diso lamanzere chaka chatha nyengo yozizira, ndipo amene anamugwirira mbale ndi mwana wanga wachisamba, wobereka ndekha.

Ine ndine telala. Ndakalambira pakhonde la golosale, kuseri kwa makina osokera amene ndinagula ndisanakwatire. Mayunifolomu a ana asukulu, mathalauzi ong'ambika pamatako, madiresi a azimayi amene amanenepa koma n'kumalimbikira kuti nsalu ndiyo yafota, zonsezi zadutsa m'manja mwangamu. Kenaka maso anayamba kuchita chifunga. Poyamba ndinkati ndi fumbi la nsalu. Mapeto ake ulusi ndinkaupisa pa singano mongopapasa, ndipo tsiku lina ndinasokera mayi wina thumba kunja kwa siketi. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Anandilemba dzina, koma mzere wa odikira opaleshoni unali wautali moti ena ankaikidwa m'manda asanaitanidwe.

Mwana wangayo amakhala kunja, dziko loyankhula chinenero chomwe ine sindimva ngakhale moni wake. Amachapa zofunda za odwala pachipatala china chachikulu kumeneko. Ndiye amene anandiimbira foni nati, "Ababa, bwerani kuno. Ndayankhula nawo madokotala. Achita diso limodzi, likapola achite linalo." Ananditumizira tikiti ya basi. Ndinapita kuchipatala chakwathu kukawauza kuti malo anga apatse wina, ndinaphimba makina ndi nsalu, n'kunyamuka.

Pa depoti anandichingamira ndi Injiniya. Ndinamudziwira fungo, chifukwa nkhope sindinkaziona bwino. Amadzithira mafuta onunkhira ngati akubisa chinthu chowola. Sukulu imene anaphunzirako uinjiniya palibe amaidziwa, ndipo ntchito yolembedwa analibe, akuti mapepala ake okhalira m'dzikomo anali akadali ku ofesi.

"Apongozi! Mwafika kwa anthu tsopano," iye anatero akundilanda chikwama.

"Kumene ndachokako kuli anyani?"

"Ayi, apongozi, ndimangocheza."

Iwo ankachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Mayi ameneyu ndisamunamizire, anandilandira bwino. Anali wamtali, wa imvi, ndipo tsiku lonse ankakhalira kudulira maluwa, galu wake ali pambuyo. Ataona kuti ndikunjenjemera ndi chisanu anandibweretsera bulangete lake lomwe, n'kundifunditsa pamapewa. Ine ndinamusokera katani wa kukhitchini amene anasosoka m'mphepete, mongopapasa momwemo. Tikakumana pabwalo iye ankayankhula chakwawo, ine chakwathu, tonse n'kuseka. Intaneti ya kuzipinda kwathu inkachokera m'nyumba mwa mayiyo. Ankaitcha wayifayi, ndipo inali m'dzina lake.

Mmawa wa tsiku lotsatira Injiniya anabwera pabalaza pomwe ndinkagona pa matiresi, atabisa dzanja kumbuyo.

"Apongozi, kafoni kanu ka mabatani kaja kuno ndi mwala. Netiweki yakwathu inathera pa boda. Ndakugulirani iyi."

Inali foni yaikulu ngati sileti, yosweka pakona.

"Ndiiona ndi maso ati?"

"Mudzaiona mukachira. Taimani bwino ndikujambuleni, aliyense adziwe kuti ndi ya bwana."

Anandijambula, analembamo dzina langa, n'kukaiika pazenera loyang'ana kunyumba yaikulu, italumikizidwa ku tchaja. "Izikhala pamenepa, apongozi. Apa ndi pomwe wayifayi imagwira bwino. Musamaichotse."

Munthu amene pa zaka zonse za ukwati wake sanandigulirepo ngakhale sokosi, lero foni? Mtima unandiuza kuti pali kanthu. Koma ndinali mlendo, wakhungu, wodya zopatsidwa, ndiye ndinathokoza. Foniyo ndinaimbirapo mwini golosale basi, kumufunsa ngati ana sakuseweretsa makina anga, ndipo nambala yake anachita kundidinira ndi mwana wanga. Nthawi ina yonse inkangokhala pazenerapo. Tsiku lina ndinaikhudza pofuna kutsegula zenera, ndipo ndinachotsa dzanja msanga. Inali yotentha ngati simbi.

"Akamwini, chinthu chanuchi chipsa."

"Chikuzolowera nyengo yakuno, apongozi."

Mkazi wake akangotuluka kupita kuntchito, iye ankatenga foniyo, kuilumikiza ndi chingwe ku laputopu yake, n'kukhala pampando miyendo ili patebulo. Dzuwa likakwera ankayamba kubwera anthu akwathu okhala m'tauniyo: omanga nyumba, oluka tsitsi, madalaivala. Aliyense ankabwera ndi fulashi, kachipangizo kotengeramo zinthu za pa kompyuta. Moni kwa ine ankapereka wa pamwamba, maso ali kwina.

"Injiniya, gawo lija mkazi wa bwana akugwidwa latsika?"

"Latsika lero lomwe, likadali lotentha."

"Nanga zinazake zija?"

"Yankhula motsitsa, iwe, pali madala."

Potuluka ankamufumbatitsa kanthu. Ndinamva kuti awa anali masewero a pa kanema, aja otsatizana magawo, amene m'dzikomo anthu amalipira kuti aonere. Iye ankawakoka ulele kudzera pafoni ya pazenera ija. Ankati kudawuniloda.

Diso lamanja anachita bwino, madokotala aja ntchito amaidziwa. Atandichotsa bandeji ndinaona ulusi uliwonse wa malaya anga, ndipo ndinachita manyazi ndi mpendero umene ndinasoka ndekha. Ndinaonanso mwana wanga. Nkhope inali itatha, miyendo yotupa, ndipo anali woyembekezera, chinthu chimene palibe anandiuza. Dokotala anati ndizidontheza mankhwala, ndipo anatchula tsiku loti ndidzabwerere lamanzere.

Nditafika kunyumba ndinaona zimene ndinkangozimva. Mphemvu kuseri kwa mbaula yamagetsi. Mbale za dzulo zodikira mayi wapakati kuti adzatsuke akaweruka. Nsapato zosongoka za Injiniya zili mndandanda, zonyezimira. Ndiye laputopu ija. Ndinaima kumbuyo kwake osadziwa iye. Pena anthu akuwomberana mfuti, pena akudya patebulo lalitali, kenaka anadina kwina, ndipo zimene ndinaona sindingazilembe. Anthu akuluakulu, ena a msinkhu wa ana anga, ali buno bwamuswe.

"Diso langa latsegukira zimenezi?"

Anatseka laputopu msanga. "Ndi za makasitomala izi, apongozi. Ine sindionera."

"Eni ake a masewerowa anakuloleza?"

Anaseka. "Za pa intaneti zilibe mwini. Zimangoyandama m'mwambamu, wotola watola."

"Ine ndasoka mpaka kumera imvi, nsalu yopanda mwini sindinaionepo."

"Izo ndi za nsalu, apongozi. Izi zimafuna sukulu pang'ono."

Madzulo ake ndinamuuza mwana wanga akuviika miyendo m'beseni. Sanadzutse n'komwe mutu. "Musiyeni, Ababa. Bola akupeza ya sopo. Mukufuna azingokhala?"

"Nanga bwanji sakokera pafoni yake?"

"Ababa, ndatopa."

Ndinaganiza zoizula foniyo pazenera n'kukaiponya m'chimbudzi. Koma ndinati ndipirire, diso linalo lichitike, ndizipita kwathu, zawo zitsale nawo.

Kutatsala sabata ndi masiku kuti ndibwerere kuchipatala, Loweruka masana, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Anali mayi mwini nyumba, alibe galu, alibe kumwetulira. Anali ndi bambo wina wovala malaya a kampani ya intaneti, atanyamula makina ake m'khwapa. Nkhani yake, monga ndinadzaimva pambuyo, inali yakuti eni masewero aja ali ndi anthu awo amene amalondola okuba, ndipo anatsata mpaka anafika pa intaneti ya mayiyo. Maloya awo anamulembera kuti akamutengera kukhothi. Mayi amene pa kanema amaonera nkhani ndi zanyengo basi.

Bambo wa kampani anakhala pampando osapatsidwa, natsegula makina ake. Anayang'ana, anayang'ana, kenaka anatchula dzina langa, molipotoza ngati akutafuna mwala. Anaimirira, nayang'ana uku ndi uku, n'kupita pazenera. Atangoikhudza foni ija inayaka, ndipo panatuluka nkhope yanga, maso oyera ndi ng'ala, nditavala bulangete la mayi yemweyo.

Laputopu sinali patebulo. Nthawi imene inachoka sindinaione.

Injiniya anayamba kuyankhula chinenero chawocho. Anayankhula nthawi yaitali, mofatsa, manja atagwira pachifuwa ngati mlaliki pamaliro. Ankati akandiyang'ana n'kupukusa mutu. Kenaka analoza pamutu pake ndi chala n'kuchizunguza pang'ono. Chimenecho sichifuna womasulira.

Mayi uja anatembenukira kwa ine nafunsa kanthu. Mwana wanga anali ataima pakhomo la kuchipinda, atagwira mimba.

"Akufunsa ngati foniyi ndi yanu, Ababa."

"Uwauze kuti anandipatsa ndi mwamuna wakoyu tsiku lachiwiri nditafika. Uwauze kuti ine sindidziwa ngakhale poyatsira. Uwauze kuti amaitenga mmawa uliwonse n'kukhuthulira mu laputopu imene waibisayo, ndipo anthu amabwera kudzagula. Akafufuze pansi pa bedi."

Mwana wanga anayang'ana pansi, nayankhula mawu ochepa chabe.

"Iwe, ine ndayankhula zodzaza dengu, iwe wapereka za m'kapu?"

"Chinenero chakuno n'chachidule, Ababa."

Mayi uja anafunsanso.

"Akuti kodi mumadziwa kuti ndi mlandu?"

"Ndimadziwa, n'chifukwa chake ndinamudzudzula! Uwauze kuti diso ili latseguka posachedwapa, linali n'lakufa. Wakhungu amaba kanema kuti atani naye?"

Mwana wanga anayankhulanso timawu tiwiri titatu. Apo ndinadziwa kuti ndikugulitsidwa ndili pomwepo. Ndinaimirira n'kuloza mkamwini. "Uyu! Uyu! Wakuba ndi uyu!" Iye anabwera mwaulemu, nagwira dzanja langa ndi manja awiri, nalitsitsa pang'onopang'ono, akundisisita paphewa ngati mmene amachitira ndi nkhalamba yozungulira mutu. Ndinamukankha. Iye anayang'ana alendowo mwachisoni, ngati akuti mwaonatu zimene timapirira.

Bambo wa kampani nthawi yonseyi ankapalasa chala pafoni paja. Anaima, nakweza nsidze, naonetsa mayi uja. Mayiyo anayang'ana kamodzi n'kutembenuza nkhope. Kenaka anandiyang'ana ine, kuyambira kuimvi mpaka kuphazi, nakoka juzi yake kutseka pachifuwa, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ndatukwanidwapo ndi makasitomala, ndamenyedwapo ndi apolisi a msika, koma palibe munthu anandiyang'anapo chotero.

Atatuluka, Injiniya anawaperekeza, akuyankhulabe. Ndinatsala ndi mwana wanga.

"Wawauza chiyani?"

Anayamba kulira.

"Misozi usunge. Wawauza chiyani?"

"Ndati mwapepesa. Ndati kwathu zimenezi si mlandu, ndiye simumadziwa. Ndati mumasowa chochita masana."

"Ndi zamaliseche zomwe?"

"Zimenezo sindimadziwa kuti zilimo, Ababa, ndikulumbira."

"Koma zinazo umadziwa."

Anagwada pansi movutikira ndi mimba ija, nagwira bondo langa. "Ababa, mapepala ake ali ku ofesi. Dzina lake likangomveka pa mlandu amukaniza, amuthamangitsa. Ine nditsala ndekha ndi mwana, dziko la eni. Inu ndinu mlendo, mukubwerera kale kwathu. Sangakutsatireni kumeneko."

"Ndikubwerera ndikachita diso."

Anayankha ndi Injiniya, amene analowa akupukuta thukuta ngati wachokera kumunda.

"Zatheka, apongozi, ndawanyengerera. Kupolisi sapita. Awayankha maloyawo kuti anali mlendo wakunja ndipo wapita. Kungoti akufuna muchoke pasanathe sabata, ndipo aone tikiti ndi maso awo kuti atumize umboni."

"Ndikagona kwa anzako aja mpaka tsiku la dokotala."

"Sizingatheke. Akufuna yodutsa boda. Komanso anzangawo ali ndi akazi m'nyumba, ndiye ndi nkhani imeneyi, mukudziwa kale."

"Nkhani iti?"

"Aa, apongozi, tauni ino ndi yaing'ono." Anakhala pampando n'kuvula nsapato. "Koma mwatipulumutsa. Ndinu bambo weniweni. Ndipotu diso limodzi likukwanirani, ena alibiretu."

Mwana wanga anati, "Chaka chamawa, Ababa. Zikazizira tidzakuitananinso."

Lolemba, onse atachoka, ndinavala jekete n'kupita kukhomo la nyumba yaikulu. Ndinati munthu ndi munthu, tinkamvana ndi mayiyu popanda womasulira, timvananso. Ndinagogoda. Anatsegula pang'ono, tcheni cha pachitseko chili chokola, chinthu chimene sankachita kale. Ndinaloza diso langa lamanzere, n'kuliphimba ndi dzanja. Ndinaloza kuzipinda kwathu. Ndinayerekeza kayendedwe ka Injiniya, ndinajambula m'malere nsapato zosongoka, ndinachita ngati ndikudina laputopu. Ndinadziguguda pachifuwa n'kupukusa mutu, ayi, ayi, si ine. Ndinayankhula chakwathu chonse chimene ndinali nacho, pang'onopang'ono, mokweza, ngati mwina chingalowe.

Iye ankangondiyang'ana pa mpata paja, milomo atafinya. Nkhalamba ikuvinavina pakhonde, ikudzigwiragwira. Sindikudziwa chimene anaganiza. Ananena liwu limodzi lakuthwa, naloza kugeti, n'kutseka. Galu amene ndinkamupatsa makoko a buledi anauwa mkatimo. Madzulo mwana wanga atabweza bulangete lija, mayiyo sanalilowetse m'nyumba. Ndinaliona mmawa lili m'bini.

Tsiku lonyamuka mwana wanga anapempha kuntchito kuti andiperekeze. Anandigulira juzi ndi botolo lina la mankhwala a m'maso. Injiniya ananyamula chikwama, akuimba mluzu. Foni ija anali ataifufuta n'kuigulitsa kale. Pakhomo la basi anandinong'oneza.

"Ulendowu ndi wautali, apongozi. Mukanakhala ndi poonera ndikanakuikirani magawo angapo, abwinobwino, a m'banja."

Ndinalavula pafupi ndi nsapato yake. Anadumpha n'kuseka. Mwana wanga anaima pansi pa zenera la basi akuyankhula zinthu, dzanja lili pagalasi. Ndinakhala mbali imene iye anali kumanzere kwanga, ndiye sindinavutike n'kutembenuka.

Ndinkaganiza kuti zonyansazo ndazisiya kuseri kwa boda. Ndinaiwala kuti anthu aja obwera ndi mafulashi ali ndi abale kwathu kuno, ndipo onse ali ndi mafoni. Nkhani inafika ine ndisanatsike basi. Inafika itanenepa. Ena anamva kuti anandigwira apolisi. Ena kuti ndinkaonetsa mayi wachizungu zolaula pazenera.

Mmawa woyamba nditavundukula makina, wometa wa pafupi nane anasuzumira, lumo lili m'manja.

"Madala, mwabwerako! Akuti diso latseguka n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo."

Anyamata odikira kumetedwa anafa nako kuseka.

"Tatiponyereniko timafilimu tija, madala. Ife sitiulula."

Ndinamufotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Anamvetsera akugwedeza mutu, kenaka anati, "Ndiye mukuti mwana wanu yemwe anakunamizirani? Uja amakutumizirani shuga?" Ndipo anayang'ana anzake aja.

Ntchito ya utelala ndi ya tepi. Diresi siungasoke osayeza pachifuwa, m'chiuno ndi m'matako. Azimayi amene ndinawasokera yunifolomu ali ana, n'kudzawasokeranso zovala za ukwati, tsopano amadutsa pakhonde langa akuyang'ana kutsidya kwa msewu. Wina anatuma mwamuna wake ndi diresi lakale kuti ndiyezere pamenepo. Mwamunayo anaima chapatali, manja m'thumba, ngati wabwera kudzaona chilombo. Aphunzitsi aakulu a sukulu ya atsikana, amene chaka chilichonse ankandipatsa mayunifolomu, anatumiza uthenga kuti chaka chino apeza wina. Mwini golosale sanandichotse, koma anandisunthira kumapeto kwa khonde, kufupi ndi ngalande.

Zimene zatsala ndi zigamba za mathalauzi ndi mazipi. Nazonso zimandivuta. Diso limodzi likuona mbee, linalo chifunga, ndiye mutu umazungulira, ndipo singano sindidziwa ngati ili pafupi kapena patali. Yandilasa kale pachala mpaka kutulukira kuchikhadabo. Ndimamanga kansalu kumanzereko kuti ndisoke mzere wowongoka, ndipo wometa wapezanso pamenepo poseka.

Ndinapita kuchipatala chakwathu kukafunsa za dzina langa. Kalaliki anati ndinachita kubwera ndekha kudzalifufutitsa, ndipo n'zoona. Anandilemba kumapeto.

Mwana wanga amaimba foni kwa mwini golosale. Ndinayankhapo kamodzi. Ndinamuuza kuti sindikufuna shuga, sindikufuna juzi. Ndikufuna apite kukhomo la mayi uja akanene zoona, kenaka aimbire wometa, aphunzitsi aakulu ndi abusa, awauze ndi pakamwa pake. Anati, "Ababa, dikirani mapepala atuluke kaye."

Mapepala a Injiniya anatuluka mwezi watha. Mwana anabadwa wamwamuna, ndipo ndamva kuti mayi mwini nyumba ndiye anawagulira kabedi. Kukhomo kuja mwana wanga sanapiteko, ndipo kuno sanaimbire aliyense.